Kutsidya kwa Phula N'kutali

Msewu wa Liwonde–Mangochi utamangidwanso, makilomita onse 75, ndi ndalama zochokera ku African Development Bank, aliyense anali ndi chake chowerengera. Madalaivala a minibasi ankawerenga maulendo amene angapange dzuwa lisanalowe. Ogulitsa nsomba ankawerenga maola oti chambo chifike ku Limbe chisanayambe fungo. Akuluakulu a boma ankakamba za malonda ndi doko la Nacala. Onsewa ankayeza msewu m'litali mwake. Woyeza m'lifupi sanamveke, chonsecho anthu a pa Ulongwe amauyenda chopingasa, kuchoka mbali ino kupita mbali inayo, kangapo pa tsiku.

Tiyeni tiuyeze ifeyo. Phula la misewu yathu ikuluikulu, poyenda magalimoto pokhapo, ndi mamita pafupifupi 7. Mnyamata wa miyendo yake amadutsa pamenepo m'masekondi 6, mwinanso osakwana. Mayi woyendera ndodo ziwiri, kapena gogo amene maondo anamuthera, amafuna masekondi 12 kapena kuposerapo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho pa masekondi 12 amenewa imakhala itayenda mamita oposa 260, mabwalo a mpira awiri ndi theka. Ndiye kuti mayi uja asanaponde phula ayenera kutsimikiza kuti mtunda wonsewo, kumanja ndi kumanzere komwe, kulibe chomwe chikubwera. Tsiku la msika, minibasi zitaima uku ndi uku, ndani angaone patali chonchi? Nanga amene saona n'komwe?

Matauni a kuno ku Machinga ndi Balaka anachita kumera m'mbali mwa misewu. Phalula ali pa M1, njira ya mathiraki a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Tauni ya Balaka, likulu la boma lomwe linapatulidwa ku Machinga mu 1998, inakulira pa siteshoni ya sitima ndi pa M8 wochokera pa Chingeni kupita ku Liwonde. Liwonde ali pomwe M3 amawoloka Shire, ndipo pomwepo pamayambira msewu wopita ku Ntaja ndi Nselema mpaka ku Chiponde. Kwa injiniya, misewu imeneyi ndi yodutsa, ndipo ubwino wake ndi woti katundu asachedwe. Kwa wokhala pamalopo, msewu uli pakati pa moyo wake wonse: msika uli uku, chigayo uko, mzikiti mbali ino, sukulu ndi mjigo mbali inayo. Ntchito ziwirizi sizimvana, ndipo zikalimbana wogonja amadziwika. Mu Meyi 2019 thiraki inalowa mu msika wa Kampepuza ku Ntcheu, pa M1 yemweyu, n'kupha anthu osachepera 17. Ambiri mwa iwo anali anthu oona, a miyendo yothawira, koma sanapulumuke.

Tisaganizenso kuti tikukamba za anthu owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali wina wake, ndipo 49 mwa 100 aliwonse a iwo vuto lawo ndi la maso. Ambiri si osaoneratu ayi. Ndi anganga amene ng'ala yaphimba diso, amene amaona galimoto ngati chimthunzi chabe osadziwa ngati yaima kapena ikubwera. Ndi anthu a khungu lachialubino amene dzuwa la masana limawathobwa m'maso. Ndi odwala shuga. Akale anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo pamsewu mawuwa amaoneka ndi maso, chifukwa ngozi zapamsewu zomwezo n'zimene zikuwonjezera anthu oyendera ndodo.

Munthu wosaona amawoloka ndi makutu. Ndinaimapo pafupi ndi bambo wina pa siteji ina ya m'mbali mwa M3, masana dzuwa lili pamutu. Anali atagwira ndodo yoyera, penti yake itasupuka chakumunsi. Anafufuza ndi nsonga ya ndodoyo mpaka anapeza pomwe dothi limathera ndi pomwe phula limayambira, kenako anaima njii, mutu atapendeketsa pang'ono. Ankamvetsera kumanja, n'kutembenukira kumanzere. Kuseri kwake kunali shopu yogulitsa mafoni, sipika yake ikugunda nyimbo mpaka malata kunjenjemera. Patsogolo pang'ono minibasi ziwiri zinali zikulirima injini, zikulimbirana anthu. Mnyamata woitanira anamuona n'kufuula kuti, "Madala, dutsani, kuli bho!"

Bamboyo sanasunthe. "Kuli bho kwa iwe, mwanawe. Njinga waziona?"

Anali asanatseke pakamwa pomwe wakabaza anadutsa chapafupi, atanyamula mayi ndi thumba la chimanga, popanda ngakhale belu.

Funso la bamboyo ndi limene linandiphunzitsa kuti mdani wa munthu wosaona pamsewu si thiraki yokha. Thiraki imadzilengeza ikadali kutali. Choopsa ndi chomwe chimabwera mwakachetechete, komanso phokoso lomwe limabisa zonse. Ku Balaka njinga zakapalasa zili ponseponse, ndipo njinga silira. Anyamata a njinga zamoto, mafuta akakwera mtengo kapena akasowa, amazimitsa injini potsetsereka kuti apulumutse dontho, ndiye chitsulo cholemera chimafika pamunthu chili duu. Hutala nayo siithandiza monga madalaivala amaganizira. Woyendetsa akaimba hutala amaona ngati wachita mbali yake, koma wosaona sadziwa ngati akumuuza kuti "dutsani" kapena "chokani", ndipo wosamva saimva n'komwe. Za ndodo yoyera, yomwe dziko lonse limaikumbukira pa 15 Okutobala chaka chilichonse, ndi angati mwa anyamata a kabaza amene anauzidwapo tanthauzo lake? Ambiri anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira, masana amodzi, mphunzitsi wake mnzawo.

Mapeto ake bambo uja anawolotsedwa ndi mayi wogulitsa mandasi, amene anasiya beseni lake kwa mnzake. Umu ndi mmene zimathera nthawi zambiri, ndipo ife timanyadira. Timati Amalawi ndife anthu achifundo, sitingasiye munthu ataima pamsewu. N'zoona ndithu, ndipo sindikufuna kuchepetsa zimene mayi uja anachita. Koma ndafika poona kuti chifundo chathuchi chimaphimba mlandu wa msewu. Popeza nthawi zonse pamapezeka wina wogwira dzanja, palibe amafunsa chifukwa chake munthu wamkulu, wa banja lake, wodziwa kumene akupita, sangawoloke mamita 7 popanda kupempha. Vuto limatha pa munthu mmodzi, pa ola limenelo, mawa n'kuyambiranso pomwepo.

Chifundocho chilinso ndi wochilipira, ndipo kawirikawiri ndi mwana. Yang'anani pa depoti iliyonse: munthu wosaona ali pambuyo, dzanja lili paphewa la kamtsikana ka zaka 8 kapena 9, nthawi ili 10 koloko m'mawa, Lachiwiri. Anzake ali m'kalasi. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma kwa mwana ameneyu ulerewo ulibe ntchito, chifukwa iye ndiye maso a agogo ake. Tikamawerenga mtengo womanga powolokera pabwino timawerenga simenti ndi miyala. Zaka za sukulu za mwanayu sizilowa m'buku la aliyense. Komanso mwana wa msinkhu umenewu sanafike podziwa kuyerekeza liwiro la galimoto. Tamusenzetsa moyo wa anthu awiri pa ntchito yomwe ngakhale akuluakulu imawalaka.

Palinso china chomwe kuno ku Machinga sitingachilambalale. Kudalira dzanja la mlendo si nkhani yopepuka kwa aliyense. Boma lino ndi limodzi mwa maboma amene anthu a khungu lachialubino anasakidwa ndi kuphedwa m'zaka zapitazi. Pa imfa ya mnyamata wina wa kuno amene anaphedwa mu 2018, khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana mu 2022. Munthu amene wakulira m'mantha otere, maso ake ndi ofooka, ndiye tikumuuza kuti akafika pamsewu apereke mkono kwa aliyense amene wamuyandikira? Mtsikana wosaona nayenso ali ndi zifukwa zake zosafunira kugwidwagwidwa ndi amuna osawadziwa. Kutha kuwoloka wekha ndi chitetezo.

Ngakhale kuthandizako kuli ndi kachitidwe kake, ndipo ambirife sitinaphunzire. Timangofika n'kugwira ndodo ya munthu, kuikweza m'mwamba, n'kumukoka nayo. Ndodo ikachoka pansi ndiye kuti mwamutseka maso kachiwiri. Osaona amene anaphunzira kayendedwe amanena zomwezomwezo: yambani mwalankhula, funsani ngati akufuna thandizo, mulole iyeyo agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, inu mukhale patsogolo pang'ono, ndipo mukafika tsidya muuzeni pomwe mwamusiya ndi komwe wayang'ana. "Tafika, bambo, sitolo ya mankhwala ili kumanja kwanu, kutsogoloku kuli ngalande." Mawu ochepa chonchi ndi amene amasiyanitsa kuwolotsa munthu ndi kumutaya kutsidya.

Ngalandeyo tiikambe, chifukwa kuwoloka kumayamba munthu asanafike pa phula. Misewu yatsopano ikafika pa malo a malonda imabwera ndi ngalande zakuya za simenti mbali zonse ziwiri. Madzi a mvula amafunadi njira, palibe angatsutse. Koma zivundikiro zake zimakhala apo ndi apo, zina zinasweka ndi mathiraki oimikapo, zina anthu anazula. Eni mashopu amayala thabwa kapena chitseko chakale kuti makasitomala adutse. Ndinaonapo mayi wina wa njinga ya olumala, ija ya matayala atatu yopalasa ndi manja, akufuna kuchoka pa golosale kupita kutsidya. Thabwa linali lopapatiza, lokwana tayala limodzi. Anayenda m'mbali mwa ngalandeyo mtunda ndithu mpaka anapeza polowera magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Pamenepo m'mphepete mwa phula munali mutadyeka ndi madzi, phula lili pamwamba, dothi lili pansi, kusiyana kwake ngati chikhatho. Anabwerera m'mbuyo, n'kupalasa mwamphamvu kuti akwere ndi liwiro. Tayala lakutsogolo linakwera, akumbuyo anakana. Anayesanso. Atakwera anapezeka ali pakati pa msewu mwadzidzidzi, asanayang'ane n'komwe ngati kukubwera galimoto, chifukwa nzeru zake zonse zinali pa chitunda chija. Powolokera pa mizere yoyera panalipo, osati patali, koma mizereyo inkathera m'ngalande.

Mizere imeneyi ndinasiya kuikhulupirira. Inayambira ku Britain, m'tauni ya Slough, mu 1951, ndipo kumeneko imagwira ntchito chifukwa woyendetsa amadziwa kuti akapanda kuima lamulo limupeza. Malamulo athu apamsewu nawonso amati woyenda pansi akalowa pa mizereyo galimoto imupatse mpata. Koma imani pa mizere ya pa malo a malonda alionse muone. Woyenda pansi ndi amene amadikira, ndipo galimoto ikaima amathamanga chowerama, akuwomba m'manja kuthokoza, ngati wapatsidwa mphatso. Penti yake imatha ndi dzinja limodzi kapena awiri. Choipa kwambiri n'chakuti mizereyo imalonjeza. Mwana anaphunzitsidwa kusukulu kuti apa m'pabwino, ndiye amatsogolera agogo ake molimba mtima. Galimoto yoyamba yaima, ya pambuyo pake yaona ngati mnzakeyo akutsitsa munthu, yapatuka kuti impitirire. Wosaona sangadziwe kuti kuseri kwa injini yomwe yaimayo kukubwera ina. Chikwangwani cha 50 nachonso chimamveredwa tsiku lomwe apolisi apamsewu aima ndi kamera yawo, ndipo madalaivala amachenjezana ndi magetsi akadali kutali.

Chomwe chimamveredwa usana ndi usiku ndi chitunda. Anthu akumudzi anazindikira kale zimenezi, n'chifukwa chake mwana akagundidwa mumaona m'mawa mwake atawunjika dothi ndi miyala pamsewu. Nzeru yake ndi yolondola. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi yoti woyenda pansi afe akagundidwa imakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Mayiko atakumana ku Stockholm mu Febuluwale 2020 anagwirizana kuti pomwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisapitirire 30. Pa liwiro limeneli galimoto yaing'ono imaima isanathe mamita 20 kuchokera pomwe dalaivala waona munthu. Pa 80 imafuna oposa 60, ndipo thiraki yodzaza simenti imafuna ochuluka kuposa pamenepo.

Koma mahampu ali ndi mitundu. Lija lopapatiza, losongoka, limathyola masipuling'i ndi kuzunza odwala mu ambulansi, ndipo anyamata a njinga zamoto amangolizemba podutsa m'mbali, momwe muli anthu oyenda pansi. Lothandiza ndi lotakata, lathyathyathya pamwamba, lokhala ndi mizere pamwamba pomwepo, lofika mbali zonse ziwiri molingana ndi kanjira ka oyenda pansi, ngalande itavundikiridwa bwino pamenepo. Galimoto imakwera, munthu sakutsika. Pomwe msewu ndi wotakata, kachilumba kapakati kamadula ulendo pawiri, kuti munthu amvetsere mbali imodzi, apume, kenako amvetsere inayo. Zimenezi si maloto a ku Ulaya. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linachita zotere kuzungulira masukulu a pulayimale: mahampu, tinjira ta oyenda pansi, zipilala zotchinga magalimoto, zikwangwani. Kafukufuku anapeza kuti ana ovulala pamsewu anachepa ndi 26 pa 100 aliwonse, ndipo ntchitoyo inalandira mphoto ya padziko lonse mu 2019. Zipangizo zake ndi zomwe amisiri a ku Balaka amagwira tsiku lililonse.

Pali mfundo ina yomwe imasokoneza anthu a zolinga zabwino. Timakonda kunena kuti "olumala" ngati ndi munthu mmodzi, koma zofuna zawo nthawi zina zimatsutsana. Wa njinga amafuna posalala, popanda chitunda chilichonse pakati pa kanjira ndi msewu. Wosaona amadalira chitunda chomwecho kuti ndodo imuuze kuti apa kanjira katha, kutsogoloku ndi kwa magalimoto. Mukasalaza ponse kuti wa njinga akondwe, wosaona adzalowa pamsewu osadziwa. Yankho lake linachokera ku Japan. Seiichi Miyake, pofuna kuthandiza mnzake amene maso ankamuthera, anapanga timatayilosi ta timabampu mu 1965, ndipo mu 1967 tinayalidwa koyamba pafupi ndi sukulu ya osaona mu mzinda wa Okayama. Lero tili m'mizinda yambiri padziko: ta madontho timachenjeza kuti ima, ta mizere timalondolera njira. Phazi ndi ndodo zimatimva, tayala limadutsapo bwinobwino, ndipo mtundu wake wachikasu umathandiza oona pang'ono. Chikombole chake si chovuta kwa anthu amene amaumba kale mabuloko a simenti. Chovuta ndi mwambo wake. Timatayilosi timeneti tili ngati chilankhulo, tiyenera kunena chinthu chimodzi paliponse. Mmisiri akatiyala monga zokongoletsera, kapena mzere wake ukakathera pa pholo la magetsi, ndiye kuti tanamiza munthu amene anatikhulupirira.

Za maroboti olira, amene amauza wosaona ndi kaphokoso kuti nthawi yowoloka yakwana, sindikuwakana. Pa mphambano zazikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe akufunika. Koma kuno ndingayambe ndi zomwe sizidalira magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala mu mdima wosinthana kwa chaka ndi miyezi. Loboti lozima ndi loipa kuposa pomwe palibe, pakuti wosaona amaima kudikira kulira komwe sikubwera. Milatho ya pamwamba nayo ndimaikayikira. Imasangalatsa andale chifukwa imaoneka patali, koma masitepe ake ndi khoma kwa wa njinga, kwa wa ndodo ndi kwa gogo, anthu omwe timati tikuwamangira. Galimoto imapitiriza liwiro lake pansi, ndipo amene walephera kukwera akagundidwa amamunena kuti walakwa yekha. Nyale zoyendera dzuwa pamwamba pa powolokera, izo zokha ndingazilimbikire, chifukwa madzulo ndi pomwe msika umadzaza ndipo ndi pomwe dalaivala saona.

Malamulo tili nawo, ndipo si oipa. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula misewu mwachindunji pakati pa zinthu zoyenera kufikirika ndi aliyense. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo lathu la zaulumali. Mu 2024 linabwera lina lolowa m'malo mwa limenelo ndi lakale lija la 1971, ndipo bungwe loona za aulumali la MACOHA linasanduka MACODA. Mabungwe a eni ake alipo, FEDOMA ndi Malawi Union of the Blind, ndipo Machinga ndi Balaka ndi ena mwa maboma amene ntchito yothandiza aulumali m'midzi mwawo momwe inakhazikika kalekale. Zipatso zina zimaoneka. Pa maofesi, mabanki ndi masukulu atsopano mumapeza potsetsereka pokwerera njinga, ngakhale pena pamakhala potsetsereka kwambiri moti wokwerayo afunika anthu awiri omukankha. Koma tinaganiza za khomo la nyumba n'kuiwala ulendo wokafika pakhomopo. Chipatala cha boma la Machinga chili pa Liwonde. Wodwala wochokera ku Ntaja akatsika minibasi, asanaone khomo la chipatala, ayenera kuthana ndi msewu kaye.

China chimene chimalepheretsa zinthu ndi chakuti msewu wa pakati pa tauni uli ndi eni ambiri. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Ndalama zake zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, zochokera pa msonkho wa mafuta ndiponso, kuyambira mu Novembala 2021, pa zipata zolipiritsa, choyamba chake chili pa Chingeni pomwepa. Misika ndi malo okwerera minibasi ndi za khonsolo. Ziphaso za madalaivala ndi za ofesi ina, kugwira olakwa ndi kwa apolisi. Munthu wosaona amene akufuna hampu pafupi ndi kwawo ayambire khomo liti? Akapita kwa khansala amamuuza kuti msewuwo si wa khonsolo. Eni msewu ali ku Lilongwe. Akadandaula za liwiro, pamapezeka womuyankha kuti walira mvula walira matope, munkafuna phula ndi limeneli. Mwambiwu pano ndi wongothawira. Anthu anapempha msewu, sanapemphe maliro, ndipo galimoto iliyonse yolipira pa Chingeni ikadziwa kuti kagawo ka ndalamayo kakumanga powolokera pa Phalula kapena pa Balaka, sindikhulupirira kuti mwini wake angadandaule.

Nthawi yabwino yokonza zonsezi ndi pomwe msewu ukadali papepala. Kuwonjezera powolokera pa pulani ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa kilomita imodzi ya phula. Kuswa ngalande yomalizidwa kale kuti mukonze ndi ndalama ina, ndipo kawirikawiri sizichitika n'komwe. Msewu wa makilomita 55 wa Nsipe–Chingeni–Liwonde, womwe African Development Bank ndi European Union anaikapo ndalama, ntchito yake yatenga nthawi yaitali kuposa mmene anthu ankayembekezera, ndipo madandaulo onse akhala a maenje ndi fumbi. Ndi madandaulo oona. Koma msewu wosalala ndi msewu wothamanga, ndipo umenewu ukudutsa m'tauni ya Balaka.

Misonkhano yofunsa maganizo a anthu imachitika, ndipo pa mndandanda wa obwera pamakhala dzina la woimira aulumali. Amakhala kumbuyo, amapatsidwa botolo la Fanta ndi ndalama ya thiransipoti, pulani n'kuonetsedwa pa khoma ndi makina, munthu wosaona ali pomwepo. Kumeneko si kufunsa anthu. Ine ndikanakonda kuti kontilakita asanalandire ndalama yake yomaliza, injiniya ayende pa malo a malonda alionse limodzi ndi anthu atatu okhala pomwepo: wa ndodo yoyera, wa njinga yopalasa ndi manja, ndi wosamva. Ayambire pa siteji ya minibasi, akafike pa msika, pa sukulu ndi pa chipatala, popanda wowagwira dzanja. Pomwe aima, injiniya alembe. Masana amodzi angaulule zomwe lipoti la masamba 200 silinganene, ndipo anthu atatuwo alipidwe ngati akatswiri, chifukwa pa nkhani imeneyi ndi akatswiridi.

Pomwe pandivuta ine ndi pa mavenda. Mukamanga kanjira kabwino ka oyenda pansi, sabata isanathe padzakhala tomato, kaunjika, chiwaya cha tchipisi ndi njinga za kabaza zodikira makasitomala, chifukwa pamenepo m'pouma, m'posalala, ndipo m'pomwe wogula amadutsa. Wosaona adzakankhidwiranso pa phula. Kuwathamangitsa ndi zikwapu tinayesa kambirimbiri m'dziko muno, amabwerera apolisi akangochoka, ndipo nawonso ndi amphawi ofuna chakudya cha ana. Ena mwa mavendawo ndi aulumali omwe, amene m'mbali mwa msewu ndimo mokha momwe angapeze wogula. Khonsolo imatolera ndalama ya msika kwa anthu amenewa tsiku lililonse, choncho imawadziwa, ndipo iwo ali ndi matcheyamani awo, monganso a kabaza ali ndi awo pa siteji iliyonse. Matcheyamani amenewa amatha kulanga mnyamata wolanda kasitomala wa mnzake, ndipo chilangocho chimagwira kuposa cha boma. Ngati pulani ya msewu itasiya malo a mabenchi kuseri kwa kanjira, khonsolo n'kugwirizana ndi matcheyamaniwo kuti mita imodzi ndi theka ya kanjirako ndi pakamwa pa powolokera pasakhale dengu kapena njinga, woyang'anira adzakhala iwo eni. Zikhoza kugwira pa Liwonde n'kukanika pa Ntaja, pakuti zimatengera tcheyamani wake ndi khansala wake, komanso ngati a komiti ya aulumali ya pa boma ali ndi mpando pa zokambiranazo kapena angomva zitatha.